Maliro Olankhula a ku Whitmore Reans

Ine sindinathawe njala. Ndiyambe ndi zimenezi, chifukwa anthu akamva kuti unakagwira ntchito ku Mangalande amayesa kwanu kunalibe ufa. Ufa unalipo. Nyumba ku Kawale inalipo, ya lendi inde, koma yosadontha. Ntchito ndinali nayo m'sitolo ya zipangizo zomangira nyumba ku Malangalanga. Chimene ndinathawa ndi misomali.

Unyamata wanga wonse unathera pa kauntala ija. Minibasi yomweyo m'mawa, tchipisi cha pachiwaya chomwecho masana, madzulo bawo ndi anthu omwewo, nkhani zake zomwezonso. Tsiku lina sikelo inawonongeka. Kasitomala anafuna kilogalamu ya misomali, ine n'kungotapa ndi manja, kuthira m'pepala. Munthu uja sanakhulupirire, anakayezetsa pa sitolo yoyandikana nafe. Anabwera akuseka.

"Achimwene, manja anuwa ndi sikelo!"

Anzanga anaomba m'manja. Ine ndinapita kuseri, n'kukakhala pa matumba a simenti. Munthu wa folomu folo, ndasanduka sikelo. Madzulo ake ndinagwirana pakhosi ndi kondakitala pa nkhani ya mpando mpaka malaya kung'ambika. Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa, koma tsiku limenelo kondakitala analibe mlandu.

Mkazi wanga, amake Tadala, ali ndi mkulu wake, alamu anga a Agnesi, namwino pa chipatala china ku Wolverhampton. Iwowa ndiwo anandipezera kampani yosamalira okalamba m'makomo mwawo. Anandichenjeza pa foni.

"Alamu, si ntchito ya mu ofesi iyi. N'kusambitsa anthu, kuwasintha matewera. Ndi mtima wanuwo mudzatha?"

"Bola ndisaonenso msomali."

Amake Tadala sanalire. Anapitiriza kusita malaya anga, n'kunena osadzutsa mutu: "Anzanu amathawa mavuto, inu mukuthawa Lolemba. Kumeneko kulibe Lolemba?"

Kumudzi kwawo ku Linthipe tinangonena kuti ndikukagwira ntchito ya zachipatala. Ndinapita kukatsanzika kwa apongozi anga, a Nankhoma. Kwa amene anakulira m'tauni ndifotokoze. Chichitireni chinkhoswe, ine ndi a Nankhoma tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira m'chimanga, ine n'kuvula chipewa, kudikira adutse. Ndinali ndisanawaonepo akudya. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana, pakasowa mwana ankauza galu wawo, Mwatitha. Kwawoko kuli mwambo woti pakapita zaka apongozi amamuphera nkhuku mkamwini, adyere pamodzi, manyazi athe. Akamwini anzanga onse anadya nkhuku zawo. Ine ayi. Ndinaponyapo mpando pa zokambirana za banja pakhomo pawo, ndiye akuti ndinali ndisanapse.

Tsiku lotsanzikalo ndinakhala pa chitsa pafupi ndi nkhokwe, iwo pakhonde atandifulatira.

"Iwe Mwatitha," anatero, "awuze bambo a Tadala kuti ku Ulaya kulibe ankhoswe. Akakalusa kumeneko akawamanga."

"Ndamva, Mwatitha," ndinayankha galu.

Ku Birmingham ndinafikira ku Small Heath, m'nyumba zogundizana ngati mano, aliyense kachipinda kake, khitchini imodzi. Masiku oyamba ndinayenda ngati mbuzi yoduka chingwe. Ndinakwera basi yosanjikizana n'kukhala pamwamba kutsogolo, ndinajambulitsa pafupi ndi ng'ombe yachitsulo ya pakati pa tauni, ndinaima pa mlatho kuyang'ana mabwato aatali a m'ngalande. Ndinati moyo ndi umenewu. Kenaka anandipatsa yunifolomu ndi foni ya kampani. Foni ija inkakuuza khomo loti upite, nthawi yolowa, nthawi yotuluka. Basi yomweyo, makomo omwewo, nkhalamba zomwezo. Lolemba ndinalipeza litafika kale, likundidikirira pa siteji, litavala jekete.

Anandiphunzitsa ntchito ndi amake Bupe, mayi wa ku Zambia, wamfupi, wa mawu ngati wailesi. Tsiku loyamba kuona thewera la munthu wamkulu ndinathamangira kubafa kukasanza. Ananditsatira.

"Ba Malawi, mwayamba kuyopa manje? Ni munthu chabe uyu. Bwelani."

Anandionetsa kachitidwe kake. Munthu sumuvula yense. Umamufunditsa thaulo lalikulu, n'kumatsegula pang'ono pokhapo pamene ukupukuta, ukatha wabwezeretsa. Kuyambira kumaso, kutsirizira kumunsi. Anandionetsanso kutembenuza munthu wosatha kudzitembenuza, ndi kusintha nsalu za pabedi mwini wake ali pomwepo.

Khomo langa la tsiku ndi tsiku linali ku Tipton, kwa mdala wina dzina lake Ron. Chingerezi chake sichinali cha kusukulu, ankatafuna mawu ngati nzimbe. Titazolowerana anandituma kuti nditenge botolo pa shelefu. Ndikayang'ana, misomali! Akuti iye anagwira ntchito pa fakitale ya zitsulo moyo wake wonse, ndipo agogo ake aakazi ankasula misomali ndi manja kuseri kwa nyumba. Dera lonselo, akuti, ndiko kunali kwawo kwa misomali. Ndinaseka mpaka misozi, iye osadziwa chimene ndikuseka. Ron yemweyo ndiye anali ndi chilonda cha pabedi m'chiuno, chimene chinayamba ngati kufiira chabe n'kudya mpaka fupa. Ndinkachiona tsiku lililonse namwino akamachimanga.

Kumudzi ankangomva kuti ndili ku zachipatala. Ndinkatumiza zithunzi za ng'ombe ija, osati za epuloni.

Kenaka alamu anabereka mwana wa kuukulu, n'kuitanitsa mayi awo kuti adzathandize. A Nankhoma anakwera ndege. Nyumba ya alamu ili ku Whitmore Reans, ndipo amene anamanga nyumba zimene zija sankadziwa za apongozi. Kakhonde ka m'kati n'kopapatiza moti anthu awiri sadutsana osakhudzana. Chimanga chopatukiramo mulibe. Lamulungu loyamba nditapita kukawalonjera tinakumana pakati pa kakhondeko, iwo n'kutsegula chitseko choyandikira, kulowa m'kachipinda kosungira matsache pansi pa masitepe. Anakhalamo mpaka nditadutsa.

Galu kunalibe. Anayesa kutuma ana a alamu, koma ana a kumene kuja sadziwa kutumidwa mawu. "Agogo, he's right there," wina anayankha, n'kubwerera ku gemu yake. Ndiye a Nankhoma anasankha hita, chitsulo chija chotenthetsa m'nyumba chimene chimakhala kukhoma.

"Iwe hita, tawafunsa bambo a Tadala, kuchipatalako amabaya jekeseni?"

"Timathandiza madokotala, hita," ndinatero ndili pabalaza.

Alamu anatsokomola kukhitchini.

Kukuyamba kuzizira, a Nankhoma anagwa kubafa. Sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka pang'ono, koma mawu anatsala, ndi ukali wake womwe. Atatuluka m'chipatala madokotala anati ndege asakwere kaye mpaka thupi lilimbe. Iwo nyimbo inali imodzi: "Ndikafere kwathu." Bambo a m'nyumbamo amayendetsa malole, amatha masiku ali kutali, alamu nawo mashifiti osatha. Anatsitsa bedi kulibweretsa pabalaza, n'kupempha kampani yathu kuti izitumiza munthu m'mawa, koma akhale womva Chichewa. Ankatanthauza amake Bupe. Zinayenda bwino. Ine ndinkangomva kwa alamu kuti m'chiuno mwayamba kufiira, akuyesetsa kuti pasatseguke.

M'mawa wina kunja kutaundana, ndikumaliza kumeta Ron ndevu, foni inanjenjemera. Khomo latsopano. Nditawerenga dzina la msewu ndi nambala, lezala linagwera m'beseni.

Ndinatuluka panja n'kuimbira manijala wathu, mayi wachizungu dzina lake Jackie. Tinkalankhula Chingerezi, koma ndizinena m'chathu.

"Mwalakwitsa. Khomo ili n'la amake Bupe."

"Waterereka pa ayezi, ali kuchipatala, bondo lathyoka. Ndayang'ana pa kompyuta, wina wolankhula chinenero chimenecho ndi iwe wekha. Mwayitu umenewu!"

"Mayi amene aja ndi mayi a mkazi wanga."

"Ndiye bwinotu! Adzamasuka, ndiwe wa m'banja."

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati kwathu munthu sayang'ana nkhope ya apongozi, nanji thupi. Iye anaseka.

"Usadandaule, nanenso sindigwirizana ndi anga."

Apo mtima unakwera. Ndinakuwa pakati pa msewu wa Tipton, Chingerezi chinandithera, ndinamutukwana m'Chichewa zinthu zoti sindingalembe. Mayi wina woyenda ndi galu anawolokera tsidya lina. Nditatha, Jackie analankhula mozizira. Anati akazi onse ali ndi makomo awo mpaka madzulo. Anati mayiyo ali yekha chichokereni mwana wake mbandakucha, sanatembenuzidwe, sanamwe mankhwala. Anati ndili kale ndi chenjezo chifukwa chokalipira mwana wa kasitomala wina, ndipo ndikumbuke kuti viza yanga ili m'manja mwa kampani.

Za viza sizinandilowe. Tsiku limenelo ndikanakwera ndege ndi epuloni yomwe. Ndinaimbira alamu, foni yotseka, ali mu wodi. Ndinaimbira amake Bupe.

"Ba Malawi, nizayenda bwanji? Mwendo uli mu pulasitala. Valani magolovesi, mupemphere."

Ndinatsegula nambala ya amake Tadala, chala chili pamwamba. Koma mkazi wako umamufunsa kuti chiyani? Ndinaibweza m'thumba, n'kukwera tiramu, kasitima ka pamsewu, ya ku Wolverhampton. Ndinadziuza kuti ndikangowapatsa madzi ndi mankhwala, zinazo zidikire.

Kiyi inali m'kabokosi ka pakhomo. Nditangolowa m'kakhonde kaja, mphuno inandiuza zonse. Ntchito imeneyi imakuphunzitsa fungo. Chitseko cha pabalaza chinali chotsegula pang'ono. Ndinagwada panja pake.

"Odi."

"Amake Bupe? Lero mwachedwa, ndaonongatu pano."

"Si amake Bupe. Ndine."

Ndinkamva wotchi ya kukhitchini.

"Iwe hita," mawu anatuluka pang'onopang'ono, "afunse adokotalawo, abwera ndi jekeseni?"

"Hita, awuze kuti amake Bupe athyoka mwendo. Kampani yatuma ine. Awuzenso kuti ine si wa madokotala. Ntchito yanga ndi yomweyo ya amake Bupe."

"Yochotsa zonyansa za azungu?"

"Yomweyo."

"Mpaka kukwera ndege."

Thukuta linkatsika m'khosi kunja kuli chisanu.

"Hita, awuze apite. Ndidikira Agnesi."

Ndinati ndiwapatse kaye mankhwala. Ndinatenga kapu ya madzi n'kulowa chambuyo, nkhope ili kuchitseko, mkono nditautambasulira kumbuyo ngati wopempha chiphuphu. Madzi theka anatayika. Dzanja lawo lamoyo litakhudza langa polandira kapu, linali lozizira ngati mwala wa kudambo. Ndinaponda pansi ponyowa. Nsalu ya pabedi inali itanyowa mpaka kudontha.

Ndinatuluka. Ndinaima m'kakhonde, Ron ali m'maso mwanga, chiuno chake chija. Kuchokera nthawi imeneyo mpaka madzulo, munthu atagonera mbali imodzi m'chinyezi chotero, ndinkadziwa chimene chidzapezeke pansi pake. Mtima unakweranso. M'kakhondemo munalinso hita ina. Ndinaimenya theche mpaka nyumba yonse inalira.

"Hita iwe! Awuze kuti akagona mmenemo mpaka madzulo, pofiira paja patseguka! Ndaziona ine zilonda zimenezi, zimadya mpaka fupa, sizipola. Ndege sadzakweranso. Adzaikidwa konkuno, m'matope ozizira, pakati pa azungu osawadziwa, popanda woimba nyimbo yakwathu. Ngati akufuna zimenezo anene, ine ndizipita!"

Ndinali ndisanakwezeponso mawu pamaso pawo chiponyereni mpando uja. Ndinagwadanso, chala cha kuphazi chikuwawa. Ndinadikira kuti anditemberere.

Ndinamva nsalu ikukokedwa, movutikira, ndi dzanja limodzi. Kenaka mawu anabwera ngati ochokera pansi pa bulangete.

"Iwe."

Sanati hita. Sanati bambo a Tadala.

"Iwe, lowa. A Nankhoma amwalira m'mawa uno. Muno mulibe apongozi a munthu. Mdzukulu, gwira ntchito yako."

Ndinasuzumira. Anali atadzifunditsa kumaso chitenje chawo chobiriwira cha zithunzi za nkhanga, kuchokera pamutu mpaka pachifuwa, monga timachitira ndi munthu akatsirizika. Kwathu maliro sasambitsa abale. Amasambitsa adzukulu, anthu a mtundu wina amene amakumbanso manda. Adzukulu alibe manyazi ndi thupi la munthu, ndipo pamaliro ndi okhawo amene amaloledwa kuseka ndi kunyoza, ngakhale malemu amene.

"Maliro a munthu wamkazi amasambitsa akazi," ndinatero.

"Kuno ndi kwanu? Fulumira, maliro akuzizidwa."

Ndinavala epuloni ndi magolovesi. Ndinatunga madzi ofunda m'beseni, ndinatenga thaulo lalikulu kuposa onse m'nyumbamo. Zimene ndinachita ndi zimene amake Bupe anandiphunzitsa, ndipo sindifotokoza zonse. Maso ndinawaika pa ufa wa m'ngodya umene alamu ankasunga m'chidebe, manja n'kumagwira okha. Manja omwe aja a misomali. Anadziwa poyambira, anadziwa pothera, mwini wake ndikufuna nthaka itseguke.

"Madziwa akuotcha," maliro anatero. "Ukufuna kusosola nkhuku?"

"Maliro salankhula."

"A ku Ulaya amalankhula."

Powatembenuza sindikanachitira mwina, ndinayenera kuyang'ana m'chiuno muja. Panali pofiira kwambiri, koma khungu linali lisanang'ambike. Pamwamba pake, kumsana konse, panali mphini za utsikana wawo, mizeremizere yokongola imene anatemera mwamuna mmodzi yekha, malemu apongozi aamuna. Ine mkamwini ndinaziona. Mpaka lero ndikatsinzina ndimatha kuziwerenga, ndipo ndikanakonda ndikanapanda kutha.

Manja anga anaima. Iwo anamva.

"Mdzukulu wanji wosatukwana? Kwanu maliro mumasambitsa ngati muli m'tchalitchi?"

"Maliro ake olemera ngati thumba la simenti," ndinatero. "Ankadya okha nkhuku za akamwini."

Chitenje chinayamba kugwedezeka. Ankaseka, kuseka kwa pakamwa popotoka, mpaka kutsokomola. Kenaka kugwedezeka kuja kunasintha, nkhanga za pamaso pawo zinayamba kunyowa. Nanenso ndinkapukuta maso ndi phewa, chifukwa magolovesi anali akuda. Ndinapaka mankhwala pofiira paja, ndinasintha nsalu, ndinawaveka zouma, n'kuwagoneka mbali inayo, pilo kumsana.

Linatsala phala. Dzanja lamanzere silinkatha kugwira supuni. Anakweza chitenje pang'ono, pakamwa pokha n'kuonekera, ine n'kumawadyetsa ndikuyang'ana kudenga. Supuni ina inapita pachibwano.

"Ngakhale akufa amadyera pakamwa, iwe."

Nditamaliza ndinakolopa pansi, ndinaika nsalu m'makina ochapira, ndinavula epuloni. Ndinatuluka pabalaza, n'kutseka chitseko. Ndinagwada m'kakhonde n'kugogoda.

"Odi. Ndimati ndilonjere, ndikudutsa."

Ndinamva chitenje chikuchoka kumaso.

"Iwe hita, awuze bambo a Tadala kuti tadzuka bwino. Kunabwera munthu wa kampani, wapita. Manja ake ndi abwino, koma pakamwa."

Panja ndinakhala pa kampanda ka njerwa pafupi ndi mabini. Mabasi anadutsa, ine osakwera. Khomo lotsatira ndinafika mochedwa, mdala wake anandikalipira, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga munthu anandikalipira ine n'kungoti pepani.

Madzulo alamu anaona m'kaundula wa kampani dzina la amene anabwera. Anandiimbira foni.

"Alamu..."

"Musanene."

"Ine ndinati womva Chichewa, sindinaganize kuti..."

"Ndati musanene. Ndipo mng'ono wanu asamve."

Kutacha anapeza mayi wina wa kutchalitchi kwawo. Zinachitika kamodzi kokha. Chilonda sichinatseguke. Kutayamba kufunda madokotala analola, a Nankhoma anakwera ndege pa njinga ya olumala. Ku bwalo la ndege sindinapite, ndinati ndili pa shifiti. Ndipo chichokereni tsiku lija Lamulungu lililonse ndinkakhala pa shifiti.

Ndinakhalabe zaka zingapo. Ron anamwalira, mwana wake anandipatsa botolo la misomali lija, akuti bambo ake anatero. Makomo ena anabwera, ena anatsekedwa. Tsiku lina ndili pa siteji ku Small Heath ndinazindikira kuti ndikutha kudziwa basi yanga ndi kulira kwa injini, isanakhote. Ndinabwerera kwathu.

Tadala ndinamupeza ali ndi ndevu, akundipatsa moni wa dzanja ngati mnzake. Amake anali atatsegula geni ya kaunjika, akupita ku msika osapempha chilolezo kwa munthu. Ine ndinatsegula kasitolo ku Kawale komweko. Musafunse chimene ndimagulitsa. Sikelo ndinagula yatsopano, ndipo ndimayeza, ngakhale manja akudziwa kale.

Ku Linthipe ndinapita chifukwa panalibe pothawira. Chitsa cha pa nkhokwe chija chinandionekera pafupi kwambiri. Ndinakakhala kumsewu, pansi pa mtengo wa bulugamu, chipewa chili pa bondo. Anthu anati ku Mangalande kwandiphunzitsa ulemu. A Nankhoma anali pakhonde pa njinga yawo. Mwatitha anali atafa, panali galu wina.

"Iwe galu," anakuwa kuti mawu afike kumsewu, "awuze bambo a Tadala kuti pali nkhuku pano yakhala ikuwadikira. Anene tsiku."

"Galu, awuze kuti ndamva. Ndikaona kusitolo."

Tsikulo sindinalinene. Anatumizanso mawu kudzera kwa amake Tadala, kawiri kapena katatu. Ine zifukwa zosatha: katundu akubwera, msana ukuwawa. Amake Tadala anakwiya, anati zaka zonsezi ndinkadandaula kuti amayi awo amandisala, lero akundiitana ndikunyada. Sindikanamuuza kuti kudya nkhuku imeneyo n'kukhala nawo maso ndi maso, mbale imodzi pakati. Ine nkhope yawo sindinkaiopa. Ndinkaopa kuti iwo aona yanga.

Anamwalira nthawi yokolola, kwawo, pa mphasa yawo, monga ankafunira.

Pamaliro akamwini tinali kuseri, tikuwaza nkhuni. Adzukulu aakazi atamaliza kusambitsa anatuluka m'nyumba akuseka, akulimbirana zovala za malemu monga mwa mwambo wawo. Mtsogoleri wawo, mayi wamtali wa mano otalikirana, anabwera molunjika kumene tinali. M'manja anali ndi chitenje chobiriwira cha nkhanga, chopindidwa bwino.

"Wa ku Mangalande uja ndi uti pano?"

Nkhwangwa zinaima.

"Malemu anati ichi chokha tisagawane. Anati n'cha mdzukulu mnzathu amene anayamba ntchitoyi kalekale, ife tangomalizitsa. Tenga, mnzathu."

Anthu anaseka, poyesa ndi nthabwala za adzukulu. Mkamwini wina anati, "Muzivala popita kusitolo, achimwene." Malume a amake Tadala anandiyang'ana mokayika. Kutsogolo, pakati pa azimayi olira, amake Tadala anadzutsa mutu. Ndinamva kutentha kuja kukukwera kuchokera m'mimba, kumene kunkandiponyetsa mipando. Nkhwangwa ndinaiika pansi. Ndinagwada pa zipalapala za nkhuni, n'kulandira chitenje ndi manja awiri.

Titabwerera ku Kawale, amake Tadala anabwera ndi thadzi lakuda lomangidwa miyendo. Ndinayesa ndi zogawana za pamaliro. M'mawa mwake ndinakhala pakhonde, chitenje chili pa miyendo. Iye anakhala pa mpando winawo, akusankha nyemba.

"Chitenje chimenecho n'cha chiyani, bambo a Tadala?"

Ndinayang'ana nkhanga zija.

"Iwe chitenje," ndinatero, "awuze amake Tadala kuti tsiku lina ku Whitmore Reans amake Bupe anathyoka mwendo."

Ndinachiuza chitenje zonse, kuyambira pa lezala la Ron mpaka pa kampanda ka njerwa. Za mphini zokha ndinasiya. Nyemba zinaleka kugwera m'lichero. Nditamaliza sindinadzutse mutu. Ndinamva akufwenthera, akupukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu yake.

"Iwe chitenje," anatero, "awuze bambo a Tadala kuti thadzi lili kuseriko si langa. Amayi anati popeza munthuyo akukana kubwera, ndikamuphere ndine. Anati wapsa."

Analipha masana omwewo. Anandiikira m'chipinda, n'kutseka chitseko. Ndinayala chitenje tsidya lina la mbale, ndinasamba m'manja, n'kudya maso ali pansi. Inali nkhuku yokalamba, yolimba ngati mwini wake. Ndinaitafuna yonse.